Masanje a pa Kompyuta: Makolo Tifunse Ana Athu

M'mashopu a magemu mu Kanyama, momwe anyamata amalipira kuti asewere PlayStation, muli mkangano umene makolo ambiri sitiudziwa. Anawa amatsutsana kuti gemu yoyenera kutchedwa RPG ndi iti. Dzinali litanthauza masewera amene wosewera amakhala munthu wina wa m'nthano.

Gulu loyamba liti cacikulu ndi manambala. Munthu wako amayamba wofooka, akamenya nkhondo mphamvu zake zimakwera ndipo amapeza zida zabwino. Iwo amatchula Dragon Quest ya mu 1986 ndi Final Fantasy ya mu 1987, zocokera ku Japan. Gulu laciwiri liti iyai, cacikulu ndi kusankha: kukhululukira mdani kapena kumupha, ndipo nthano isinthe motsatira zimene wasankhazo, monga zicitikira mu The Witcher 3 ya mu 2015 ndi Baldur's Gate 3 ya mu 2023.

Onse ali ndi mfundo, pakuti magemuwa anacokera ku Dungeons & Dragons, masewera a patebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. M'menemo munali zonse ziwiri: madaisi ndi manambala, komanso munthu wosimba nthano.

Ife tiima ndi gulu laciwiri. Inu amene munakulira kumudzi mukumbukira masanje a pambuyo pa kukolola: wina bambo, wina mayi, wina fisi wakuba ndiwo. Palibe amene anali kuwerenga zigoli. Mwana anali kuyesa moyo wa munthu wamkulu ndi kuona zotsatira za macitidwe ake.

Koma cifukwa cathu cacikulu ndi ndalama. Manambala amagulitsidwa. Genshin Impact, imene inatuluka mu 2020, imalowa pa foni kwaulere, koma imagulitsa mwayi wopeza anthu amphamvu ndi zida. Ungalipire kangapo osapeza cimene unali kufuna. Mu 2018 bungwe loyang'anira njuga ku Belgium linagamula kuti mabokosi a mwayi ogula ndi ndalama, monga a mu FIFA 18, ndi njuga. Mwana amene akhulupirira kuti gemu ndi kukweza manambala cabe sacedwa kuyang'ana mobile money ya amayi ake, momwe muli ndalama ya unga kapena ya feteleza.

Kulanda foni sikuthetsa nkhaniyi, cifukwa mnzake pakhomo lina ali nayo. Khalani naye pansi mum'funse: m'gemu iyi ndiwe ndani? Unasankha ciani, ndipo cinacitika nciani? Kodi imapempha ndalama? Akayankha mafunso awiri oyambawo mokondwa, ali ku masanje. Akazengereza pa funso lacitatu, sinthani PIN yanu lero lomwe.