Mpeni Suciza Mtima

Pali ana ena amene amabadwa ndi ziwalo zimene ngakhale azamba sangathe kunena msanga ngati mwanayo ali wamwamuna kapena wamkazi. Pa kalembera wa caka ca 2019 dziko la Kenya linawerenga anthu otere 1,524, ndipo m'caka ca 2022 linawachula m'lamulo lace loteteza ana.

M'zaka za m'ma 1950 John Money ndi anzace a ku Johns Hopkins, ku America, anaphunzitsa kuti mwana wotere acitidwe opareshoni akali wamng'ono, naleredwe monga mnyamata kapena mtsikana. Ambiri anabisidwa zoona zace, ndipo atakula anadandaula za zipsera ndi manyazi. Madokotala amene anasonkhana ku Chicago m'caka ca 2005 anabvomereza kuti uphungu wolimbitsa mtima uyenera kukhala mbali ya cithandizo. Malta m'caka ca 2015, ndi Germany m'caka ca 2021, analetsa maopareshoni amene angathe kudikira kufikira mwini thupi atabvomera yekha.

Koma lamulo loletsa mpeni silitonthoza mai amene wacoka ku cipatala osadziwa coyankha abale pofunsa kuti, "Kwabadwa mwana wanji?" Iye afuna womlangiza, ndipo mwanayo pokula afuna anzace obadwa monga iye. Tsono uphungu woona udziwika bwanji, ngati palibe wouyesa? Nchito imeneyi njoyenera wophunzira wofuna digiri ya udokotala wa maphunziro, amene adzatha zaka zitatu kapena zinai akufunsa eni ace ndi kuyerekeza mayankho ao. Munthu wotere sangagwire nchito ndi njala. Ayenera kupatsidwa ndalama.

Ena amati kumeneko nkuononga cuma, pakuti mau si mankhwala. Iwowa aiwala kuti safunsa anadya phula. Ciphunzitso ca Money cinatsatidwa zaka makumi ambiri osafunsa anawo mokwanira za m'mene cinawakhudzira, ndipo obvutika anali iwo. Uphungu wosayesedwa nawonso ungathe kupweteka.

Ena amati anthuwa ngocepa. Kodi kucepa kucotsa umunthu? Mbusa sasiya mbuzi yotayika cifukwa iri imodzi.

Cotero maboma ndi masukulu aukacenjede atulutse ndalamazo, ndipo obadwa moterowo akhale nao pa bwalo poweruza cimene cawathandiza, pakuti thupi ndi lao.