Farao Anatumiza Magareta

Abale, pamene Yosefe anakhala nduna m'Aigupto, Farao anatumiza magareta kukatenga Yakobo atate wace, nampatsa pokhala. Koma taonani lamulo limene boma la Britain linaika m'caka ca 2012. Kholo lopempha viza yokakhala ndi mwana wace kumeneko liyenera kutsimikiza kuti silikhozanso kusamba, kubvala kapena kudziphikira lokha, ndiponso kuti kwao silingapeze cisamaliro, angakhale mwanayo atumize ndalama. Popempha alipira mapaundi oposa 3,000, ndipo akakanidwa, ndalamazo zapita.

Ha! Mwana wokhulupirika atumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama zomwezo zisanduka mboni yomtsutsa. Ati, amako alikusamalidwa kale, akhale komweko. Potero ana athu, anamwino, acezera usiku kusamala nkhalamba za eni dziko, pamene amai ao owabala alikukalamba okha kumudzi.

Ife titi lamulo ili nloipa. Dziko lolandira manja a mwana lisakane amace, pakuti ngakhale Farao sanatero. Koma kufikira litasinthika, nkhalambazo ziri m'manja mwa ife a mumpingo. Tizitungire madzi, tizitolere nkhuni, tikhale nazo pakudwala.