Mlendo wa Thumba Locepa ku Livingstone

Anthu ambili a m'midzi ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi anamva za mathithi a Mosi-oa-Tunya akali pa sukulu, koma amene anawaona ndi maso ndi owelengeka. Ambili amati ku Livingstone ndi kwa azungu ndi eni cuma. Maganizo amenewa ali ndi pocokela, pakuti m'mahotela aakulu a m'mbali mwa Zambezi, monga Royal Livingstone imene inatsegulidwa mu 2001, usiku umodzi umadya ndalama za matumba ambili a cimanga. Komabe mzindawu uli ndi zinthu zambili zoona popanda kutulutsa ngakhale ngwee, ndipo ndalama za mlendo wosauka ndizo zimafika msanga m'mabanja a ku Maramba, Libuyu, Linda ndi Dambwa.

Livingstone anali likulu la Northern Rhodesia kuyambila mu 1911 kufikila mu 1935 pamene boma linasamukila ku Lusaka. Nyumba za makonde aakulu za nthawi imeneyo zikalipo, ndipo woyenda pansi mu mseu wa Mosi-oa-Tunya amaziona mwaulele. Pa Mukuni Park, pakati pa tauni, osema ziboliboli ndi oluka madengu amayala malonda ao, ndipo munthu saletsedwa kuyang'ana ngakhale asagule. Nyumba yosungilamo zinthu zakale, imene inayamba mu 1934 ndipo isunga makalata ndi katundu wa David Livingstone, ili ndi malipilo, koma nzika ya Zambia imapeleka zocepa poyelekeza ndi mlendo wakunja. N'cimodzimodzinso pa cipata ca mathithi.

Cimene anthu ambili sadziwa ndi ca ulalo wa pa Zambezi, makilomita pafupi-fupi 10 kucokela m'tauni. Ulalo umenewu unamalizidwa mu 1905, ndipo uli mamita 128 pamwamba pa madzi. Munthu atapempha kapepala ka cilolezo ku ofesi ya olowa ndi kutuluka m'dziko, amayenda kukafika pakati pa ulalo osalipila kanthu. Ndi bwino kunyamula citupa. Ali pamenepo amaona mbali ina ya mathithi, nthunzi ikukwela ngati utsi wa lupsa, madzi akuwinduka pansi m'phompho, ndiponso acinyamata olimba mtima amene amadziponya m'malele atamangidwa cingwe ku miyendo. Iwo amalipila madola kuti acite zimenezo, woonelela salipila. Cofunika kusamala ndi anyani a pamalopo, amene anazolowela anthu kotelo kuti amalanda thumba la cakudya m'manja mwa mwini wace.

Nkhaniyi ndi yaikulu kwa anthu a ku Livingstone cifukwa nchito zina zinawathawa. Kale mzindawu unali ndi fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat, mafakitale a nsalu ndi mabulangete, ndi kampani yoceka matabwa ya Zambezi Sawmills. Pofika m'zaka za m'ma 1990 zambili mwa izi zinali zitagwa. Pambuyo pa 2011 likulu la cigawo ca kum'mwela nalo linasamutsidwila ku Choma, ndipo anchito a boma anapita ndi malipilo ao. Cinatsala ndi alendo. Mu August 2013 Livingstone pamodzi ndi tauni ya Victoria Falls ku Zimbabwe analandila msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za alendo, ndipo miseu ina inakonzedwa. Koma mu 2020, mlili wa Covid-19 utaimitsa ndege, mahotela anakhala pululu ndipo osema anasowa wogula. Akulu anati mlendo ndi mame. M'caka cimeneco mame a kunja anauma tsiku limodzi, ndipo eni malonda anayamba kuyang'ana kwa nzika za dziko lino, zimene kale sanali kuziwelengela.

Mlendo wolemela amatsika pa bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula, galimoto ya hotela imutenga, ndipo amadya, kugona ndi kusangalala kumtsinje komweko. Kawili-kawili zonse amalipililatu akali kwao. N'zoona kuti mahotelawo amalemba nchito anthu ambili ndi kupeleka misonkho, ndipo palibe wanzelu angafune kuti atsekedwe. Koma wobwela pa basi amagona m'nyumba ya alendo ya m'komboni, amadya nsima ya nsomba pa msika wa Maramba, amakwela takisi pamodzi ndi anzace, amabweleka jasi la mvula kwa anyamata a pa cipata ca mathithi, nagulila mkazi wace citenje. Kwaca iliyonse imene watulutsa imagona m'tauni usiku womwewo.

Pali mlandu umodzi umene alendo otele ayenela kuumva. Ena amanenelela mtengo wa ciboliboli mpaka wosema wa ku mudzi wa Mukuni, amene anathela masiku pa mtengo umodzi, atagulitsa motaya cifukwa ana kunyumba alibe ndiwo. Kumeneko ndi kudyela mnzako masuku pamutu. Ndiponso malo aulele amafuna wosesa ndi zimbudzi, ndipo zimenezi Khonsolo ya mzinda imazilipila ndi misonkho ya anthu a m'misika omwewo.

Kucokela ku Chipata ulendo ndi wa makilomita oposa 1,000, kudzela ku Lusaka, ndipo wa basi ayenela kuwelengela masiku awili. Madzi amaculuka kwambili kuyambila March kufikila May, pamene mlimi sanagulitse mbeu. Mu October ndi November mbali ya Zambia imatsala miyala yambili. Magulu a kwaya, a sukulu ndi makalabu a alimi amene afuna kusonkhelana ndalama za basi angasankhe June kapena July, pamene ndalama za nshawa ndi fodya zayamba kulowa ndipo mtsinje ukali wodzaza.