Kodi mankhwala akumunda ndiwo akutha nsomba m'mitsinje ya Angónia?

ULONGWE — Kuyambira mu 2017 pamene mbozi zoononga chimanga, zimene pa Chipwitikizi amati lagarta do funil, zinalowa m'dziko muno, alimi ambiri a ku Angónia akhala akupopera mankhwala monga cypermethrin. A fodya ndi a kachewere anayamba kale kupopera. Mankhwalawa ndi oopsa kwa nsomba ndi njuchi, ndipo mvula imawakokololera m'timitsinje timene timathera mu Revúbuè. Ena amatsukira ndithu mapampu awo kumtsinje komweko.

Dandaulo lakuti matemba ndi nkhanu zachepa ndi lomveka. Koma kunena kuti mankhwala ndiwo achititsa kumafuna umboni, chifukwa chilala, katupe, kulima mpaka m'mphepete mwa madzi ndiponso kuwedza ndi masikito nazonso zimatha nsomba.

Akatswiri amapeza umboniwo powerenga tizilombo ta m'madzi. Amasankha malo awiri pa mtsinje umodzi, kumtunda kwa minda yopoperedwa ndi kumunsi kwake. Amawerenga asanapopere, nawerenganso atapopera, kangapo konse. Ngati tizilombo tachepa malo onse awiri, kawirikawiri mlandu ndi wa nyengo. Ngati tachepa kumunsi kokha, ndipo mobwerezabwereza, pamenepo mankhwala ali ndi funso loti ayankhe. Kuwerenga kwa tsiku limodzi sikuthandiza, pakuti madzi osefukira okha angathe kukokolola zonse usiku umodzi.

Chimene ambiri amaphonya ndi ichi: kuchuluka kwa tizilombo kumanamiza. Mtsinje woipitsidwa ungathe kudzaza ndi nyongolotsi ndi misundu, zimene zimapirira madzi oipa, pamene tizilombo tosapirira tokhala pansi pa miyala tatheratu. N'chifukwa chake amawerenga mitundu ndi kuona kuti yasowa ndi iti. Ku South Africa njira yotere imatchedwa miniSASS. Ili ndi magulu 13 a tizilombo, gulu lililonse ndi malikisi ake, ndipo ana asukulu amaitha ndi kasefa ndi beseni loyera basi.

Mu 2014 boma, mothandizana ndi bungwe la FAO, linaletsa mankhwala ambiri oopsa kwambiri. Koma lamulo lolembedwa ku Maputo silidziwa chimene chili m'kabotolo kopanda dzina kogulidwa pamsika wa m'malire. Mpake kuti alangizi a zaulimi, mafumu ndi aphunzitsi asankhe mtsinje umodzi pafupi ndi Ulongwe, awerenge mu Okutobala mvula isanagwe, nabwererenso pamalo omwewo mu Januwale ndi Febuluwale pamene kupopera kuli pachimake.