Visa ya EB-5 ku America: kukhala ndi ndalama sikukwanira

Kuyambira 2022, wofuna kukhazikika ku America ndi visa ya EB-5 ayenera kuika madola 800,000 m'bizinesi ya kumidzi kapena kudera kosowa ntchito, kwinako 1,050,000, ndipo bizinesiyo ilembe ntchito anthu 10.

Povuta kwenikweni ndi pamapepala. Ofesi ya USCIS imafuna umboni wa komwe ndalamazo zidachokera, kuphatikizapo zikalata za msonkho za zaka 7. Zikakhala mphatso ya amalume, nawonso asonyeze m'mene adazipezera.

Apa m'pomwe amalonda athu angapunthwe. Munthu wopikula ng'ombe ndi mbatata ku Angónia, wolipira pamanja opanda lisiti, yemwe NUIT yake sidaonekepo ku Autoridade Tributária, akhoza kukhala nawo madolawo, atawapeza mwachilungamo, koma pempho lake n'kukanidwa.