Chikwangwani chinena china, lisiti linena china

Masiku otsiriza a Ramadhani tinali pa Namitete, m'mbali mwa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Tinapitako kukaona ana athu amene amanyamula usipa ndi utaka kuchoka kunyanja kuno n'kumakagulitsa m'misika ya kumeneko. Tisanabwerere tinalowa m'sitolo ina kuti tigule mafuta ophikira ndi shuga wa pa Idi. Pa shelefu ya mafuta panali chikwangwani chofiira cholengeza kuti mtengo watsika. Patsogolo pathu pa mzere panali mayi wachikulire amene ananyamula botolo lomwelo, ndalama zake atawerengeratu m'dzanja. Makina atalira, mtengo umene unatuluka unaposa wa pa chikwangwani ndi K1,500.

"Mwanangu, kodi si apo mwalemba kuti zatsika?" anafunsa mayiwo.

"Pepani amayi, m'makinamu sanasinthe. Ine ndimangotsata zimene atulutsa makina."

Mayiwo anacheuka n'kuona mzere wa anthu kumbuyo kwawo, anamasula mfundo ya chitenje, nalipira. Ifenso titafika pa kauntala tinalipira chimodzimodzi, pakamwa pali tsekee. Tikulemba nkhaniyi manyazi a tsiku limenelo adakatigwirabe.

Yankho lakuti makina sanasinthidwe talimva kambirimbiri, ndipo tikulikana. Mu November 2023 boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse. Aliyense amene anagulako kanthu sabata imeneyo akukumbukira kuti mitengo m'masitolo inakwera m'masiku owerengeka, kwina usiku umodzi wokha. Palibe mwini sitolo amene anaima pakhomo n'kunena kuti makina ake akuchedwa kumva za kukwera, choncho makasitomala apitirize kulipira mtengo wakale. Makina omwewo, amene amathamanga ngati gwape mtengo ukamakwera, amasanduka nkhono mtengo ukamatsika. Cholakwa chenicheni cha mwangozi chimagwera mbali zonse, lero chipweteke wogula, mawa chipweteke wogulitsa. Koma cholakwa chimene nthawi zonse chimalowetsa ndalama m'thumba limodzi chili ndi mwiniwake, ndipo mwiniwakeyo si mtsikana wa pa kauntala. Iye ndi wantchito wolandira malipiro ochepa, amene ndalama zikaperewera madzulo amadulidwa yekha. Amene analamula kuti chikwangwani chipachikidwe ndiye anayenera kulamulanso kuti makina asinthidwe chikwangwanicho chisanaoneke ndi munthu.

Chikwangwani chimagwira ntchito yake munthu asanafike n'komwe pa kauntala. Chimakoka mayi wa ku Kabudula kuti alipire kabaza, adumphe golosale ya pafupi ndi kwawo, abwere kumene walonjezedwa mtengo wotsika. Akafika polipira, ulendo wayenda kale, ndalama ya kabaza yapita kale, anthu kumbuyo akumuyang'ana. Wogulitsa amadziwa kuti pamenepo ndi ochepa amene angabweze katundu pa shelefu. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo malonda a mtundu umenewu amadalira manyazi athuwo. Ambiri sapatsidwa lisiti, ena amapatsidwa koma zilembo zake n'zazing'ono, za Chingerezi, zofufutika tsiku lisanathe. Amene wagula zinthu khumi sangadziwe kuti wamudyera pa chiti.

Wina anganene kuti tikukuza nkhani ya tindalama tochepa. Dziko lino linaonapo kale kuti tochepato tikaunjikana timafika pati. Mu September 2021 bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, la Competition and Fair Trading Commission, linalamula kampani ya mafoni ya Airtel Malawi kulipira chindapusa cha K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe. Bungweli linapeza kuti kampaniyo inasiya kuika yokha bonasiyo m'mafoni a makasitomala amene anaiyenera, n'kuyamba kufuna kuti aliyense aziitanitsa yekha pa tsiku loikika la mwezi, ndipo amene sanaitanitse ankaluza. Kampaniyo inakatsutsa chigamulocho kukhoti, ndipo mu 2023 khoti lalikulu linagamula kuti lamulo la 1998 silinapatse bungweli mphamvu yolipiritsa lokha chindapusa. Nyumba ya Malamulo inakonza mpata umenewo ndi lamulo latsopano la 2024, limene tsopano likupatsa bungweli mphamvuyo. Zimenezo n'zabwino, koma maofesi a bungweli ali m'mizinda, pamene mayi uja ali pa Namitete ndi botolo lake la mafuta. Lamulo limene wogula salidziwa, ndipo wogulitsa saliopa, limangokongoletsa pepala.

Alimi a ku Nsaru, Nambuma ndi Mpingu amaidziwa nkhaniyi m'njira yopweteka kuposa ya mafuta ophikira. Ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, boma linalengeza kuti thumba la feteleza la makilogalamu 50 likhale K4,495. Pofika nyengo ya 2022/23 mtengowo unali K15,000. Umenewu unali mtengo wolengezedwa pa wayilesi, dziko lonse likumva. Komabe chaka ndi chaka manyuzipepala ndi mawayilesi anali kutulutsa madandaulo a alimi m'maboma osiyanasiyana: kugona pa depoti masiku angapo chifukwa netiweki akuti yavuta, kuuzidwa kuti awonjezerepo kangachepe kuti athandizidwe msanga, mavenda kudutsa kutsogolo ndi ziphaso za unzika zogula kwa anthu osauka. Netiweki ya pa depoti ndi makina a m'sitolo ndi pachibale. Zonse ziwiri zimapatsa munthu wadyera chinthu chopanda pakamwa choti achinamizire.

Chipembedzo chathu chinaiweruza kale nkhaniyi. Sura ya 83 ya Qur'an yolemekezeka, Al-Mutaffifin, yatchedwa ndi dzina la anthu opungula muyeso, amene polandira amafuna chodzaza koma popereka amachepetsa, ndipo imawachenjeza za Tsiku limene anthu adzaimirire pamaso pa Mbuye wa zolengedwa zonse. Akatswiri a tafsiri amafotokoza kuti liwu la Chiarabu limeneli limachokera ku tsinde lotanthauza kanthu kakang'ono, konyozeka. Choncho tchimo lotchulidwalo ndi la kuba pang'onopang'ono, kuba kumene wobedwayo amachita manyazi kukudandaula. Anthu a ku Madyan, kumene anatumidwa Mneneri Shu'aib (mtendere ukhale pa iye), anaonongedwa atakana Mulungu mmodzi komanso atakana kusiya chinyengo cha pa sikelo ndi pa muyeso. Ndipo m'mahadisi muli nkhani ya Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) akudutsa pamsika, napisa dzanja m'mulu wa chakudya, napeza kuti pansi pake n'chonyowa pamene pamwamba n'chouma. Anamudzudzula mwini muluwo chifukwa chosaika chonyowacho poonekera. Chikwangwani chofiira chija ndi pamwamba pa mulu, lisiti ndiye pansi pake.

Apa tsopano tafika pamene pakuwawa, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. M'misika imeneyi ya kumadzulo kwa Lilongwe muli masitolo, maokala ndi mabenchi a Asilamu anzathu, ena a iwo ana a m'nyumba zathu za ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Ambiri amachita malonda awo moopa Allah, ndipo tikuwadziwa. Koma tisanamizane. Taonapo chigoba choyezera usipa chophwanyidwa pansi kuti chilowe pang'ono pogulitsa, pamene pogula kugombe mwini wake yemweyo amafuna chigoba chosefukira. Taonapo mulu wa utaka wokhala ndi nsomba zonona pamwamba, zoduka mitu pansi. Nthawi yokolola taonapo ndowa yofutukulidwa pamoto yogulira chimanga, ndi sikelo yopachikidwa pa mtengo m'mbali mwa njira, yodikira mlimi wa mtedza kapena soya asanafike pamsika pomwe akanamva mtengo weniweni. Kuchingamira anthu obwera ndi katundu panjira n'kuwagula asanadziwe mtengo wa pamsika Mtumiki analetsa mwachindunji. Pali bungwe la Malawi Bureau of Standards limene ntchito yake ina ndi kuyesa masikelo ndi kuwadinda chidindo, koma Msilamu sanayenere kudikira chidindo cha boma kuti sikelo yake inene zoona.

Chimatidabwitsa ndi chakuti pa nkhuku ndife osamala kwambiri. Timatembenuza paketi kufunafuna chizindikiro cha halali, timafunsa amene anazinga mbuzi, ndipo tikakayika timasiya. N'koyenera kutero. Nanga bwanji K1,500 yolowa m'kabati mwa bodza sitiifunsa kuti inazingidwa ndi ndani? Ndalama imeneyo imagula ufa wa ana, imalipira fizi ya ku madrasa, mwina imaponyedwa m'bokosi la sadaka tsiku la Ijumaa. Munthu amatha kutseka sitolo nthawi ya swala, n'kuima pa mzere woyamba mumzikiti, pobwerako n'kudutsa pansi pa chikwangwani chimene akudziwa kuti chikunama. Makhutuba a kavalidwe ndi a kusala timawamva kawirikawiri, ndipo ndi ofunika. Khutuba ya sikelo, ya chigoba ndi ya lisiti tinaimva liti komaliza? M'mizinda ya Chisilamu yakale munali mkulu wotchedwa muhtasibu, amene ntchito yake inali kuyendera msika ndi kuyesa miyeso ya amalonda. Makomiti a mizikiti yathu amadziwa amene sanasonkhe ya malata, koma za miyeso ya mamembala awo amati ndi za pa bizinesi, zosawakhudza.

Makolo athu ankatsitsa mtengo popanda chikwangwani. Wogula ankanenerera, wogulitsa n'kutsitsa pamaso pa onse, kenako n'kuponyapo basela, tinsomba tiwiri kapena dzanja la mtedza, zooneka ndi maso, zogwirika ndi manja. Sitikunena kuti kale kunalibe akuba, kapena kuti makina ndi oipa. Makina osamalidwa bwino amateteza wogula kuposa pakamwa pa munthu, chifukwa amasiya umboni. Tikungonena kuti basela ankaperekedwa pomwepo, pamene kutsitsa kwa masiku ano kumalengezedwa pakhomo n'kusowa pa kauntala.

Wogula nayenso ali ndi ufulu umene ambiri a ife tinauphunzira ku madrasa n'kuuiwala. M'fiqhi ya Imam Shafi'i, imene ambiri a ife kunyanja kuno timatsata, wogula ndi wogulitsa ali ndi mwayi wothetsa malondawo malinga ngati sanasiyane pamalo pomwe agulitsirana. Kuima pa kauntala n'kunena kuti mtengo uwu si umene mwalemba, ndiitanireni bwana wanu, kapena bwezeni ndalama zanga, si chipongwe ndipo si umphawi. Amene ali ndi foni yojambula ajambule chikwangwanicho asanapite kolipira. Amene amatha kuwerenga awerengere amene sangathe, lisiti lisanalowe m'thumba, ndipo lisungidwe, chifukwa dandaulo lopita ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission kapena ku bungwe loimira ogula la CAMA limalimba likakhala ndi umboni. Ndipo amene ali kumbuyo pa mzere aleke kung'ung'udza kuti mayi wofunsayo akuchedwetsa anthu, pakuti akufunsira iwo omwe.

Kwa ana athu amene ali ndi mabenchi pa Namitete, pa Nsaru ndi pa Kabudula, sitinadikire kuti magaziniyi iwapeze. Tisanakwere minibasi yobwerera kunyanja tinawapempha kuti atulutse zigoba zawo zonse, chogulira ndi chogulitsira, tithiremo madzi tione ngati zikufanana. Mmodzi anatulutsa msanga. Wina anayamba watiuza kuti chinacho wabwereka mnzake.