Pogula makatoni a zokolola, yambani mwaona m'ngodya

Amene anaimapo pa Lizulu, pa Bembeke kapena pa Jenda tsiku la msika, lole ikupakira tomato wopita kutauni, akudziwa mmene zimakhalira. Dengu limadzazidwa mpaka kupanga kaphiri pamwamba, kenako likubwera dengu lina kudzakhala pa kaphiri komweko, lachitatu pamwamba pake, mwina ndi munthu kukhalaponso. Pofika ku Lilongwe kapena ku Limbe, pansi pa galimoto pali madzi ofiira okhaokha, ndipo wogula ali ndi chifukwa chotsitsira mtengo. Tomato amene mlimi anathirira miyezi itatu, kugulira feteleza ndi mankhwala, waonongeka pa ulendo wa maola atatu.

Vutoli si la kuno kokha. Bungwe la FAO linanena mu lipoti lake la 2019 kuti pafupifupi magawo 14 pa 100 alionse a chakudya cha padziko lonse amaonongeka kuchokera pokolola kukafika kwa ogulitsa, ndipo zipatso ndi ndiwo zamasamba zili m'gulu la zomwe zimaonongeka kwambiri. Atsogoleri a maiko a mu Africa atakumana ku Malabo mu 2014 analonjeza kuti pofika 2025 adzakhala atachepetsa ndi theka kuonongeka kwa zokolola. Chomwe taona ife n'chakuti nkhaniyi ikamakambidwa kuno kwathu, maso onse amakhala pa chimanga, anankafumbwe ndi matumba osalowa mpweya. Za chotengera tomato, mango, mapeyala ndi mapichesi sizimveka kawirikawiri.

Lero tikufuna tikambe za chotengeracho, makamaka makatoni aafupi opanda chivindikiro omwe masitolo akuluakulu, mahotela ndi ogula zotumiza kunja amafuna kuti zipatso zifikiremo. Magulu a alimi omwe apeza misika yotere amayamba kugula makatoniwa, ndipo ambiri amayang'ana zinthu ziwiri zokha: mtengo, ndi kukongola kwa zojambulidwa kunjako. Ife tikuti chofunika kuyang'ana poyamba ndi ngodya.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti katoni iliyonse mwaikamo tomato wolemera makilogalamu 6 ndipo mwasanjikiza makatoni 10. Katoni yapansi yasenza makatoni 9, kutanthauza makilogalamu 54, kuposa thumba la feteleza. Izi zili choncho galimoto ili chiimire. Ikayamba kugwa m'maenje a pamsewu, katunduyo amadumpha ndi kugweranso pansi, ndipo nthawi iliyonse akagwa, katoni yapansiyo imalandira mphamvu yoposa makilogalamu 54 aja. Funso ndi lakuti, ndani akusenza katundu ameneyu? M'dengu lodzaza mpaka kaphiri, akusenza ndi tomato. M'katoni yopangidwa bwino, tomato sasenza kanthu. Kulemera konse kumatsika kudzera m'makoma a katoni, ndipo m'makomamo mbali yaikulu imadutsa m'ngodya zinayi.

Aliyense amene anamangapo nkhokwe kapena chigafa cha fodya sangavutike kumvetsa izi. Denga silikhala pa udzu wotchinga m'mbali, limakhala pa mphanda. Khoma la katoni likapanikizidwa kuchokera pamwamba, pakati pake pamatukumukira kunja kapena kupindikira mkati chifukwa palibe chopagwira. Pa ngodya, makoma awiri amagwirana, lina kuletsa linzake kupindika. Akatswiri oyesa makatoni amawerengera kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yonse yosenzera katundu amakhala m'ngodyamu. Ndiye kuti katoni yomwe ngodya imodzi yaphwanyika si yoti "yangoonongeka pang'ono". Yatha, ngakhale mbali zina zikuoneka zatsopano.

N'chifukwa chake opanga makatoni a zipatso amalimbitsa ngodya mwadala. Ena amapinda pepala kuti m'ngodya iliyonse mukhale kamzati ka mbali zitatu kochokera pansi mpaka pamwamba. Ena amapinda khoma la m'mutu kawiri kuti likhale lochindikala, ndipo zotsala za makoma a m'mbali zimalowa pakati pake. Ena amaika kadenga kakang'ono pamwamba pa ngodya kapena m'mutu monse, kuti katoni yapamwamba ipeze pokhala ngakhale itasuntha pang'ono. Muonanso timakutu totulukira pamwamba tomwe timalowa m'timabowo ta pansi pa katoni inzake. Timakutu timeneti si zokongoletsera. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti ngodya yakhala pa ngodya inzake ndipo sikuchokapo galimoto ikamakhota. Anyamata opakira akamatipinda kapena kutithothola kuti ntchito ifulumire, aletseni.

Pali chinanso chomwe diso limatha kuona mosavuta. Ng'ambani kachidutswa ka katoni muone mkati. Pakati pa mapepala awiri osalala pali pepala lopindikapindika ngati malata. Timizere timeneti timayenera kuima chilili m'makoma, kuchoka pansi kupita m'mwamba, monga mmene lata limalimbira mukaliimika motsata mizere yake. Timizereto tikagona chopingasa, khomalo limapindika msanga. Makatoni ena amakhala ndi mapepala opindikawa awiri, ndipo ndi omwe amayenera katundu wolemera kapena ulendo wautali. Amakwera mtengo, inde, koma musayerekeze mitengo ya makatoni awiri musanaone mkati mwake.

Mabowo olowetsa mphepo ndi ofunika chifukwa chipatso chimapuma ndipo chimatulutsa kutentha ngakhale chitathyoledwa. Koma bowo lililonse limachotsa mphamvu. Malangizo omwe amatsatidwa kwambiri ndi akuti mabowo atenge pafupifupi magawo 5 pa 100 a khoma, ndipo akhale kutali ndi ngodya. Mlimi woboola yekha ndi mpeni pafupi ndi ngodya kuti "mphepo izilowa bwino" akudula mphanda ya nkhokwe yake.

Mdani wamkulu wa katoni ndi chinyezi. Pepala limamwa madzi a mumpweya ngakhale mvula isanaligwere, ndipo katoni yokhala pamalo a chinyezi chambiri itha kutaya theka la mphamvu zake. Apa mpamene alimi athu amagwa kawirikawiri, chifukwa mango amapsa nthawi yomwe mvula ikuyamba, ndipo tomato wodula kwambiri ndi wa dzinja. Nthawi yomwe katundu ali ndi mtengo ndi yomwenso katoni imakhala yofooka. Makatoni osagwiritsidwa ntchito asungidwe ali chiphwatalale, pa thandala kapena pa matabwa, osati pa simenti kapena pa dothi, komanso osati chotsamira khoma lonyowa. Zipatso zithyoledwe mame atauma, ndipo ngati zatsukidwa ziume kaye. Pa galimoto yopanda denga pakhale lona. Nthawi nayonso imafooketsa: katoni yomwe yasenza katundu bwinobwino tsiku loyamba itha kugonja patapita masiku angapo katundu ali yemweyo. Pa zifukwa zonsezi, opanga makatoni odziwa ntchito safuna katoni yongokwanira makilogalamu 54 aja. Amafuna yotha kusenza katatu kapena kuposerapo poiyesa ili youma.

Tsopano za kasanjidwe, pomwe nzeru ya kumudzi imatha kutisocheretsa. Tonse tinaphunzira kuti njerwa ndi matumba a chimanga amasanjidwa molumphanitsa kuti mulu usagwe. Ndi zoona kwa njerwa. Koma katoni mukailumphanitsa, ngodya ya yapamwamba imakhala pakati pa khoma la yapansi, pamalo pofooka kwambiri paja, ndipo mulu utha kutaya mphamvu yofika pafupifupi theka. Makatoni a zipatso asanjidwe molunjika, ngodya pa ngodya, kuchokera pansi mpaka pamwamba. Kuti mulu usagwe, umangidwe ndi zingwe kapena malamba, ndipo m'makona a muluwo muikemo zotchinga kuti chingwe chisadule katoni. Pansi pakhale posalala. Katoni yapansi ikatulukira kunja kwa thabwa ngakhale ndi zala ziwiri zokha, ngodya ziwiri zili m'malere, ndipo katundu yense watsalira ziwiri zinazo.

Ndipo pali chizolowezi chomwe tiyenera kulimbana nacho poyera: kaphiri kaja. Pa msika wa kumudzi, dengu losadzaza mpaka kusefukira limaoneka ngati wogulitsayo ndi woumira, ndipo mavenda amakakamira kuti muonjezere. Chizolowezichi chikalowa m'katoni, ndalama yonse yogulira ngodya zolimba yapita pachabe, chifukwa katoni yapamwamba ikhala pa tomato isanafike pa ngodya. Pakati pa chipatso chapamwamba ndi mlomo wa katoni pazitsala mpata wa chala chimodzi. Njira yothetsera mkangano ndi wogula ndiyo kugulitsa pa sikelo. Gulu lomwe lili ndi sikelo silifunika kaphiri.

Tisanamizane, katoni si ya aliyense. Mayi wopita ndi tomato wake pa Bvumbwe kapena pa Tsangano n'kubwerera ndi chotengera chake madzulo sapindula pogula chinthu chogwira ntchito ulendo umodzi kapena iwiri. Kwa iyeyo, komanso kwa gulu lotumiza katundu kwa wogula yemweyo sabata ndi sabata, makireti apulasitiki ndiwo abwino: amatsukika, saopa mvula, amatha zaka. Nawonso mphamvu zawo zili m'ngodya, ndipo lamulo la kusadzazitsa ndi lomwelo. Katoni imapambana pomwe chotengera sichibwerera, monga katundu wopita kutali kapena kunja kwa dziko, komanso pomwe wogula akufuna kuika zipatsozo pa shelefu mmene zafikira. Mango ndi mapeyala opita kumisika ya kunja kawirikawiri amayenda m'makatoni a makilogalamu 4, chipatso chilichonse chili pachokha mu mzere umodzi. Mlimi wa mango ku Salima kapena wa mapeyala ku Thyolo amene akulota msika wotere adziwiretu kuti wogula akatsegula galimoto amayamba waona makatoni asanaone chipatso.

Gulu likamakambirana ndi wogulitsa makatoni, lisachite manyazi kufunsa. Katoniyi inapangidwira makilogalamu angati? Isanjikizidwe ingati? Inaganiziridwa za chinyezi kapena za chipinda chozizira? Muyezo wake ndi wotani? Makatoni ambiri a zipatso amakhala a masentimita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi, kapena theka lake, 40 ndi 30, kuti asanu aakuluwo akwane ndendende pa thabwa lonyamulira katundu la masentimita 120 ndi 100. Kusakaniza makatoni a miyezo yosiyana mu mulu umodzi n'chimodzimodzi kulumphanitsa kuja: ngodya sizikumana.

Musagule ambiri musanayese. Pemphani ochepa, muikemo mchenga wa m'matumba wolemera mofanana ndi zipatso zanu, musanjikize mmene mudzasanjire pa galimoto, muonjezere katundu wina pamwamba, ndipo muwasiye masiku awiri pakhonde nthawi ya mvula pomwe madzi sakufika. Kenako yang'anani katoni yapansi. Ngati makoma atukumuka kapena ngodya zayamba makwinya, mwapulumutsa ndalama za gulu. Wogulitsa wokana kukupatsani zoyesera wakuuzani kale za katundu wake.

Nanga omwe amagwiritsa ntchito makatoni akale ogula kumagolosale? Tikudziwa kuti ndi ambiri, ndipo sitikuwanyoza. Koma katoni yomwe munali sopo, mankhwala a mbewu kapena mafuta a galimoto isayandikire chakudya. Wogula wa sitolo yaikulu sangalandire katoni yakale, choncho izi ndi za msika wapafupi basi. Ngati katoniyo ndi yaukhondo ndipo ndi youma, mutha kuithandiza. Dulani kachidutswa ka katoni ina, timizere tili chilili, kutalika kwake kofanana ndendende ndi khoma. Kapindeni katatu kuti kakhale kamzati ka mbali zitatu, ndipo kamatireni m'ngodya iliyonse. Kakafupika sikagwira ntchito, chifukwa khoma liyamba kupindika katundu asanafike pa kamzatiko. Katoni yakuya idulidwe kuti tomato asapitirire mizere iwiri kapena itatu.

Alimi okha sangathe zonse. Mlimi mmodzi sangaitanitse makatoni opangidwa mwa muyezo wake, chifukwa mafakitale amafuna oda yaikulu. Apa ndi pomwe makopaletivi ndi mabungwe a alimi ayenera kuonetsa phindu lawo: kugwirizana muyezo umodzi, kugula pamodzi, ndi kukhala ndi chipinda chouma chosungiramo. Tikupemphanso unduna wa zamalimidwe kuti alangizi a m'madera olima tomato ndi zipatso aziphunzitsa kapakiridwe monga mmene amaphunzitsira kabzalidwe. Pa masiku a chionetsero cha zaulimi timaona minda yokongola ndi mbewu zamakono, koma n'kamodzikamodzi pomwe mlangizi amaimika mulu wa makatoni n'kuonetsa alimi chomwe chimachitika ngodya ikasemphana ndi inzake. Mabungwe omwe amapereka mapampu ndi mbewu kumasikimu a ulimi wamthirira aziika zotengera mu bajeti yomweyo, chifukwa kuchulukitsa tomato popanda chomutengera ndi kuchulukitsa wotayidwa kuseri kwa msika.

Kwa makomiti a magulu omwe akukonzekera nyengo ikudzayi, tikupempha chinthu chimodzi chomwe sichifuna ndalama. Pa ulendo wotsatira, munthu mmodzi apite ndi katundu mpaka kwa wogula, akayeze pa sikelo zomwe zakanidwa kapena kutsitsidwa mtengo chifukwa chophwanyika, ndipo alembe ngati zachokera pansi, pakati kapena pamwamba pa mulu. Chiwerengerocho achichulukitse ndi mtengo wa tsikulo, abwere nacho ku msonkhano wa gulu, pamodzi ndi katoni kapena dengu lomwe linali pansi penipeni.